Galimoto Imayezedwa Itakhala Pansi

Mukafika pagalaja ya Telala muli pachangu, ndi bwino mungobwerera. Mayiyu samanga tayala asanayeze, ndipo akayamba kuyeza samva za munthu. Anyamata a magalimoto onyezimira amabwera ndi marimu awo atawafunditsa mabulangete, n'kumati, "Atelala, ingomangani, ndaona kale pafoni kuti akukwana." Iye amangoti, "Foniyo ikumangireni," n'kuvula tepi yake m'khosi.

Tepiyo ndi yachikasu, yofewa, ya osoka zovala, ndipo ndi imene inam'patsa dzina. Dzina lake lenileni linatsalira pachiphaso. Bambo ake anali telala weniweni, wa masuti ndi mabuluku, pakhonde la sitolo ina ya nsalu, ndipo iye anakulira pansi pa makina osokera akutola mapini. Ana analipo awiri okha. Achimwene ake, omuposa zaka zisanu ndi zinayi, singano inawakana kalekale, moti ntchito yawo inali kugwira nsonga ya tepi bambo akamayeza nsalu yaitali patebulo. Iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankasoka kolala yosapotoka, ndipo bambo ankamutcha Kasingano.

Bambowo anali ndi lamulo limodzi limene makasitomala ankaliseka. Munthu akaima, amamuyeza m'chiuno, m'ntchafu, mpaka kukakolo. Kenako amam'kokera mpando n'kunena kuti, "Takhalani." Ndiye amayezanso. Ankati buluku lokwana munthu ataimirira ndi limene limang'ambika pamsonkhano, pamaso pa anthu, mwini wake akungofuna kukhala. Kasingano anamva mawu amenewa kambirimbiri, mpaka anamulowa m'mafupa.

Chimene bambo sanadziwe n'chakuti mtima wa mwanayo unali tsidya lina la msewu, kumene mkulu wina ankamata matayala. Ankakonda fungo la mphira. Ankakonda kaphokoso kaja kakuti phu! tayala likakhala parimu. Madzulo akati akukagula ulusi, amachedwa kumeneko akuwerenga manambala a m'mbali mwa matayala, ndipo sanachedwe kuona kuti nawonso ndi miyeso ya zovala basi: kutambalala kwa tayala, kutalika kwa khoma lake, ndi kukula kwa rimu imene lingavale.

Bambo atamwalira, iye ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anachita chinthu chimene mpaka lero sanena kuti anachilakwa. Anasinthanitsa makina osokera ndi kompulesa yakale. Achimwene ake nthawi imeneyo ankayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali. Atabwera patatha sabata zitatu anapeza pakhonde paja pali mbee, pangotsala zipsera zinayi pasimenti pomwe panali miyendo ya makina. Anamulondola kumsewu kumene anali atayamba kupopa matayala pansi pa mtengo, anaima chapatali, osakhala, osapereka moni.

"Manja a bambo mwawasinthanitsa ndi mpweya," anatero. "Pano ine sindidzapondapo."

Anali asanamutchulepo kuti "inu" chibadwire. Kuyambira tsiku limenelo Kasingano anafa, panatsala "mayi". Akakumana pamaliro a achibale ankapatsana moni waulemu ngati anthu amene angodziwana m'basi. Zinapweteka, ndipo iye sabisa kuti zinapweteka. Koma kuuma mutu m'banja limenelo anagawana mofanana, moti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinadutsa wina osapita kwa mnzake.

M'zaka zimenezo mtengo uja unasanduka shedi ya malata, yotseguka kutsogolo, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa oilo. Kumanzere kuli matayala osanjikizana mpaka kudenga, kumanja marimu opachikidwa pamisomali, ndipo pakona pali kompulesa yomwe ija, imene imatsokomola katatu isanalire. Amagwira ntchito ndi Ajeke, bambo wa thupi lake, wosalankhulalankhula, amene anapata dzinali tsiku lina atanyamula kumbuyo kwa kagalimoto ndi manja pofuna kupulumutsa phazi la mnzake. Ajeke amamasula ndi kumanga. Telala amayeza, ndipo mawu omaliza amakhala ake.

Anthu amaganiza kuti rimu ndi rimu basi. Wina amagoneka tepi kuchokera kumlomo wa rimu kufika kumlomo winawo, n'kupeza mainchesi 17, n'kuthamangira kukagula matayala a 17, chonsecho rimuyo ndi ya 16. Sayizi imawerengedwa m'kati mwa milomoyo, pomwe tayala limakhala. Wina amawerenga mabowo a mabawuti, asanu kuno asanu uko, basi wasangalala. Telala amatenga kachitsulo kake koyezera mipata n'kumuonetsa kuti mabowo a rimuyo aphonyana ndi mabawuti a galimoto ndi mamilimita awiri okha. Rimu yotere imalowa ndithu ukaikankha ndi bondo, koma manati amakhala chopendekera, ndipo tsiku lina tayala limakupitirira pamsewu iwe uli pachiwongolero. "Wina ndinamuona akulithamangitsa wapansi," amatero Telala, "atavala nsapato zosongoka." Akachoka pamabowo amagoneka thabwa pamwamba pa rimu n'kuyeza kuya kwake, kuti adziwe ngati tayala likalowe m'kati kukakhula zitsulo, kapena likatuluke kunja kukadyana ndi madigadi.

Koma chimene chimawatopetsa anyamata ndi chomaliza. Matayala amangidwa, galimoto yatsika pajeke, mwini wake wayamba kale kuijambula, ndiye Telala amati, "Tsopano ikhale pansi." Kuseri kwa shedi kuli matumba asanu ndi atatu a mchenga, lililonse makilogalamu 45. Matumba awiri ndi munthu mmodzi wodya bwino. Ajeke amawatcha apongozi, ati poti amakhala kumpando wakumbuyo, ndipo ati ndi apongozi okhawo padziko amene sauza dalaivala njira. Telala amafunsa mwini galimoto kuti amakweramo ndani, amaika matumba m'malo mwawo, amakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, kenako amalowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi. Zala ziwiri zikakana kulowa, matayalawo amatsika, kaya mwini wake alire. Galimoto yopanda munthu imanama, ndipo iye sachita nayo ubale.

Mphunzitsi wina wa kukoleji anam'kanira kwamtuwagalu. Anati iye amayenda yekha, za matumba sakuzifuna, ndipo anakamangitsa marimu ake kwina. Loweruka lotsatira ananyamula anzake anayi kupita kuukwati, ndipo pofika kumeneko matayala akumbuyo anali atasendeka m'mbali, utsi wa mphira uli tolotolo. Lolemba anabwerera pashedi. Telala sanamuseke. Anangomufunsa kuti anzakewo anali a matumba angati.

Pa nkhani ya ntchito yake sadzichepetsa, ndipo palibe chifukwa choti adzichepetsere. Ana ake awiri anakula ndi ntchito imeneyi, ndipo amuna amene ankamuseka ali pansi pa mtengo ndi omwewo lero amam'tumizira magalimoto amene awakanika. Ukamufunsa ngati analakwitsapo muyeso, amaganiza kaye moona mtima, kenako amati, "Kamodzi. Ndinakhulupirira mwini galimoto."

Lachiwiri lina m'mawa, mvula itangokata, pashedi panafika galimoto yotuwa, yakale ndithu, matope mpaka m'zitseko. Telala anali chogwada akuwerenga manambala kuseri kwa rimu ina, koma kaimikidwe kake kanamudzutsa. Dalaivalayo anazungulira patali, n'kubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono, ngati akukoka ngolo yaitali imene kulibe. Amaimika choncho ndi anthu a mathiraki okha. Chitseko chitatseguka anatuluka achimwene ake, imvi zili mbuu, malaya atawapisira bwinobwino monga kale.

Telala anapukuta manja pa ovololo, kenako anazindikira kuti akungowadetsa kwambiri.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwino, achimwene, kaya inu? Kunyumba ali bwanji?"

"Aliko."

Anatsegula buti ndi chitseko chakumbuyo. Munali marimu anayi a sayizi 17, onyezimira moti munthu ukhoza kudzionerapo nkhope, atavala kale matayala opyapyala aja amene anyamata amawafera.

"Ndikufuna mundimangire awa. Akuti kuno n'kumene samanga zolakwika."

"Akutero ndani?"

"Anthu."

Telala anasangalala, ndipo pomwepo anachita mantha. Munthu amene analumbira kuti sadzapondapo anali ataima pasimenti yake, nsapato zonse ziwiri. Akawabweza ndi marimu awo, ndiye kuti zatha, chifukwa zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi sakanazipezanso. Anapemphera chamumtima kuti marimuwo akwane.

Ndipo anakwanadi. Mabowo anagwirizana ndi mabawuti ndendende. Bowo la pakati linali lolondola. Anagoneka thabwa, nayeza kuya, zonse zili m'malo. Achimwene anaima pambali atapinda manja, akuyang'ana kompulesa pakona paja, kenako anachotsako maso msanga. Ajeke, amene nkhani yonse ankaidziwa, anawerama ngati akufuna sipanala n'kunong'ona kuti, "Zakwana izi, mayi. Timange. Awa si kasitomala, ndi magazi anu."

Akanatha kumanga, ndipo palibe akanamuloza chala. Koma matope aja anam'kana. Matayala opyapyala ndi a anthu oyenda pa tala, ofuna kuonedwa, ndipo achimwene ake sanafunepo kuonedwa ndi munthu chibadwire. Anayala katoni pansi, nagona chagada, nalowa kunsi kwa galimoto. Kumimba kwake kunali mikwingwirima yatsopano, chitsulo chili mbee pomwe miyala inapala, ekizozi itaphwanyika malo awiri. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Achimwene, marimuwa mukuwafunira chiyani?"

"Kodi aliyense mumam'funsa zimenezo?"

"Aliyense."

Anapumira m'mwamba. "Ndikufuna galimoto ikwere. Ikukhula pansi. Msewu wa kwathu mvula yaukumba, pakati patsala msana wa miyala. Awa alipowa ndi 15, awa ndi 17. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikudziwa kuti 17 amaposa 15."

Apa Telala anamvetsa pomwe zinalakwikira, ndipo anawamvera chisoni. Zaka makumi atatu pathiraki zinawaphunzitsa kuti rimu ikakula, tayala lonse limakula, chifukwa kumathiraki zimakhaladi choncho. Pa magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano, rimu ikakula mphira umachepa. Wowagulitsayo ayenera kuti ankadziwa, koma wogulitsa sakana munthu amene wabwera atasankha kale.

Sanafune kukangana nawo ndi pakamwa. Anauza Ajeke kuti amasule tayala limodzi lakutsogolo. Analigubuduza n'kuliimika pambali pa latsopano lija, pasimenti yosalala, kenako anagoneka thabwa lake pamwamba pa onse awiri. Thabwalo linapendekera kwa latsopano. Tayala lakale, lakutha, lamatope, linali lalitali kuposa lonyezimira lija ndi zala ziwiri zathunthu.

"Rimu ndi yaikulu, inde," anatero mofatsa. "Koma onani khoma la tayala. Ili ndi lalitali, ili ndi lalifupi. Tikamanga awa, galimoto sikwera. Itsika."

Achimwene anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Wowotcherera anali atazimitsa moto wake n'kumasuzumira, ndipo mayi wa oilo naye anapeza chifukwa chosesera pafupi. Nkhope ya achimwene inada. Munthu wa zaka makumi atatu pamsewu, kuphunzitsidwa za matayala ndi mlongo wake wamng'ono, pamaso pa anthu osawadziwa. Anawerama, nanyamula tayala latsopano lija, nayamba kulibwezera m'buti.

"Ndamva, mayi. Bwezerani langalo. Ndikamangitsa kwina."

Mawu akuti "chabwino, timanga" anafika mpaka pamilomo ya Telala. Anagwira tepi m'khosi mwake n'kuwameza.

"Kwina akumangiranidi, achimwene, mphindi makumi awiri zokha. Ine sindimanga. Galimoto itsika, ikhula kuposa pano. Ndipo mphira wochepa choterewu ulibe pobisa bampu. Dzenje lililonse lizifika pamsana wa amene wakhala kumbuyo."

Achimwene anaima, tayala lachiwiri lili m'manja.

"Pamsana?"

"Lililonse. Ngakhale kamwala."

Analitsitsa pansi tayalalo mosamala, ngati lingasweke. Sanapitenso kubuti. Telala sanadikire kuti aganize kawiri.

"Marimu anu akalewa ndi abwino, sakufuna kusintha. Chofunika ndi tayala la khoma lalitali parimu yomweyi. Muli ndi 195/65. Ndikufuna ndiyese 205/70. Galimoto ikwera ndi chala chimodzi, sindikunamizani kuti ikhala thirakitala, koma chala chimenecho ndi chimene chikusowa kumimbaku, ndipo mabampu azifika atafewa. Mundipatse ola limodzi. Zikakanika, ndikubwezerani zanu zonse mmene zinalili."

"Nanga awa?"

"Awa apeza mwini sabata isanathe. Alipo anyamata amene sagona nawo tulo."

Achimwene anayang'ana uku ndi uku, kenako anakhala pabenchi ya makasitomala, kumapeto kwenikweni, ngati munthu amene sanavomere kuti wakhala. Mayi wa oilo anawabweretsera madzi, ndipo analandira.

Telala akayamba ntchito amaiwala mantha. Anasankha matayala anayi pamulu, nayang'ana chaka chimene anapangidwa, nabweza limodzi, natenga lina. Kompulesa inatsokomola katatu n'kulira, ndipo achimwene anayang'ana kumbali. Phu! loyamba linakhala parimu. Phu! lachiwiri. Ajeke anamanga manati modumphitsa, ili kenako loyang'anizana nalo, mmene Telala amafunira. Ola lisanakwane galimoto inali pansi, itaima mooneka kuti yatukuka pang'ono. Achimwene anadzuka, naizungulira, nasuzumira kunsi. Mapewa awo anatsika.

"Muvi wa liwiro uzikunamizani pang'ono," anatero Telala. "Ukaloza 60, mudziwe kuti mwadutsako. Tsopano ikhale pansi."

"Ikhale pansi?"

"Tayala lalitali limayandikira madigadi. Ili yokhayi ndikuona mpata, koma sindinaione itanyamula anthu. Mumakwera ndi ndani?"

Achimwene anamuyang'ana koyamba m'maso tsiku limenelo. Mawu a bambo aja anawazindikira, ndipo Telala anaona kuti awazindikira.

"Alamu anu. Amakhala kumbuyo, kumanzere."

Telala anamwetulira. Alamu akewo anali mayi wodzaza pakhomo, wa kuseka komveka nyumba yachitatu, amene pamaliro ankamukokera kuseri n'kumunong'oneza kuti, "Musawamvere achimwene anuwo, mutu wawo ndi wa thiraki, sukhota msanga." Anali atawaona komaliza zaka ziwiri zapitazo. Anamvako kuti akudwaladwala, anatumiza moni kudzera kwa msuweni, n'kumadikira kuti amuitane.

"Ajeke, apongozi awiri kumanzere," anatero akuseka. "Alamu anga ndi matumba awiri, mwinanso ndi kachidutswa pamwamba."

Ajeke anabweretsa loyamba, nabweretsa lachiwiri, nawakhazika pampando. Galimoto inatsika mbali imeneyo.

"Chotsani limodzi," anatero achimwene.

Telala anaganiza kuti sanamve bwino.

"Chotsani limodzi. Lotsalalo nalonso lachulukako, koma lisiyeni. Linalo muike m'buti, m'malo mwa mpando wawo woyendera wa matayala ndi zikwama."

Ajeke anachotsa thumbalo, osatchulanso za apongozi. Pampando panatsala limodzi, litatsamira kuchitseko.

"Ndi impso," achimwene anapitiriza, akuyang'ana thumbalo. "Katatu pa sabata timapita kukatsuka magazi pamakina. Mwezi uno ndi wa khumi ndi chinayi. Thiraki ndinaisiya. Ndimawanyamula ndekha m'manja kuchoka pabedi kufika pampando umenewo. Popita amapirira. Pobwera amakhala atatheratu, ndiye galimoto ikakhula pamwala amangoluma mlomo kuti ndisamve. Ine ndimamva."

Telala anachita manyazi amene sanawachitepo pa moyo wake. Iye amene amafunsa mlendo aliyense kuti m'galimoto mwanu mumakwera ndani, anali asanafunse za nyumba ya achimwene ake enieni. Ankadikira kuti apepesedwe, pomwe munthu akutha mpaka kutsala thumba limodzi.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayambira pati?" Anakanda kumutu. "Anthu aja ndinati akunena za kuno, ndi alamu anu omwewo. Marimuwa atawaona anati, musamangitse kwina, pitani kwa alamu anga. Ndakhala nawo kunyumba sabata ziwiri."

Ntchito inali isanathe. Telala anapempha achimwene kuti akhale pampando wawo wa dalaivala. Anawauza kuti akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, nalowetsa dzanja kuseri kwa tayala. Zala ziwiri zinalowa. Kumanzere, zinalowanso. Kumbuyo, mbali ya thumba, zinalowa zitatu. Ajeke anakankha galimoto pansi ndi thupi lawo lonse n'kuisiya, kangapo, ndipo sipanamveke kukhula kulikonse.

Chinatsala n'kuona ngati mbali ya kumanzere, imene yanyamula munthu ulendo uliwonse miyezi yonseyi, sinatope kuposa inzake. Pamenepa pamafunika anthu awiri, wina agwire nsonga ya tepi pansi, wina awerenge pamlomo wa madigadi. Telala anavula tepi m'khosi. Ajeke anasendera kuti agwire, koma anapeza achimwene atuluka kale m'galimoto. Anagwada pasimenti yamatope ndi buluku lawo lositasita, natenga nsonga ya tepi, naipanikiza pansi ndi chala chachikulu pa kachitsulo kake kamkuwa, ndendende mmene ankachitira patebulo la bambo.

"Ndi yomwe ija?" anafunsa.

"Yomwe ija."

"Ndiye usakoke kwambiri, Kasingano. Imatanuka imeneyi, ukudziwa."

Telala anayesa kuwerenga manambala koma manambalawo ankasambira m'misozi. Anaphethira, nawerenganso. Kumanzere kunali kotsika ndi mamilimita asanu ndi limodzi poyerekeza ndi kumanja.

"Sipuling'i ya mbali ino yayamba kutopa," anatero. "Si za lero. Koma mwezi wamawa mubwere nayo ndidzaione."

"Ndibwera."

Ajeke anapachika marimu onyezimira aja pamisomali, anayi mondandalika, ndipo wowotcherera anayatsanso moto wake. Ajeke atafuna kuchotsa thumba la pampando, Telala anawaletsa. Analowetsa manja kunsi kwake, nalikumbatira pachifuwa, nalinyamula yekha mpaka kuseri kwa shedi. Sanavutike nalo n'komwe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuliza. Anakhala kuseriko kanthawi. Kenako anasamba m'manja ndi sopo kawiri, navula ovololo, nauza Ajeke kuti aliyense wobwera ndi marimu adikire mawa.

Achimwene anali ataliza kale injini. Telala anatsegula chitseko chakumbuyo, kumanzere, nakungunta mchenga pampando, nakhala.

"Kutsogolo kuno kuli malo," anatero achimwene, akumuyang'ana pagalasi.

"Ayi, kuno komwe. Mudutse msewu womwewo, ndipo musazembe maenje chifukwa cha ine. Sindinamalize kuyeza."